Chikwama ndi Sipuleya: Kanyamulidwe Kabwino ka Katundu wa Kumsana

Mvula ikakhazikika ndipo ntchito ya fodya ikafika pachimake m'dera la Mfumu Kaomba, anthu odzafuna chithandizo pa chipatala sakhala a malungo okhaokha ayi. Pa mzere womwewo pamapezekanso abambo ndi amayi a msinkhu wogwira ntchito amene akudandaula za msana, khosi ndi mapewa. Wina amati mkono wake wachita dzanzi kuyambira paphewa mpaka ku zala. Wina amavula malaya nkuonetsa mizere iwiri yofiira, yosupuka, yotsika kuchokera m'mapewa ngati kuti wakwapulidwa ndi chikoti. Ambiri mwa iwo amapempha jakisoni kapena mapiritsi opha ululu, ndipo akalandira amabwerera kukanyamula katundu yemwe uja monga mmene anamunyamulira dzulo. Sipapita milungu yambiri tisanawaonenso.

Nkhani yathu ya mwezi uno ikunena za katundu amene munthu amabereka kumsana ndi malamba. Choyamba ndi chikwama chachikulu chija chimene ambiri amagula pa kaunjika pa msika wa pa Kasungu, chimene azungu anachisokera kukwera nacho mapiri, koma kuno chimanyamula zovala za mwana wopita ku sukulu yogonera konko, malonda a mnyamata woyenda m'midzi, kapena katundu wa munthu wa pa ulendo wa ku Joni. Chachiwiri ndi sipuleya yopopera mankhwala m'munda, imene kunena zoona ndi chikwama nayonso, kungoti m'kati mwake muli madzi a poizoni. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimapweteka ndi kulemera kokha. Kulemera kuli ndi mbali yake, ndipo tikambapo. Koma kawirikawiri chimene chimavulaza munthu ndi malo amene kulemerako kwatsamira pa thupi lake. Makilogalamu 15 olendewera m'mapewa amazunza munthu kuposa makilogalamu 15 omwewo atakhala m'chiuno.

Msana ndi mapewa

Msana wa munthu si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa tosanjikizana, ndipo 24 mwa ito timayenda: 7 ta m'khosi, 12 ta kuseri kwa chifuwa, ndi 5 ta kumunsi pafupi ndi chiuno. Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali kanyama kolimba kunja koma kofewa m'kati, kamene kamagwira ntchito imene nkhata imagwira pakati pa mutu ndi ndowa. M'kati mwa mafupawa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo nthambi zake zimatulukira m'mipata ya mafupa kupita m'mikono ndi m'miyendo. Nkhata imodzi ikaphwanyika nkutuluka pa malo pake imakanikiza nthambi ya mtsempha, ndipo ndi pamene munthu amamva ululu wotsika kuchokera m'chiuno, kudzera m'thako, mpaka ku phazi.

Phewa ndi lofooka kuposa mmene limaonekera. Fupa lokha limene limalumikiza mkono ndi thupi lonse ndi lija lopingasa pansi pa khosi, limene mungathe kuligwira ndi chala. Kwina konseko phewa limangogwiridwa ndi minofu. Pansi pa fupa lopingasali pamadutsa mitsempha imene imapatsa mkono mphamvu ndi kumva, pamodzi ndi mitsempha ya magazi. Tsono lamba wopyapyala akakanikiza pamenepa kwa maola angapo, mitsemphayo imapanikizika. Poyamba zala zimachita dzanzi. Munthu akapitiriza tsiku ndi tsiku, mkono umatha kufooka kotero kuti amalephera kuukweza, ndipo kuchira kwake kumatenga milungu, mwina miyezi. Madokotala a asilikali amalidziwa bwino vuto limeneli popeza limagwira anyamata ongolowa kumene usilikali amene amayenda mitunda ndi zikwama zolemera.

Chiuno ndi china. Mafupa ake ndi aakulu, otambalala ngati mtondo, ndipo akhala pamwamba penipeni pa miyendo. Katundu akatsamira pamenepa kulemera kwake kumatsikira m'miyendo nkupita pansi osadutsa m'timafupa ta msana tija.

Palinso mfundo ina imene aliyense angathe kuiyesa pa mjigo. Tengani ndowa ya madzi nkuikumbatira pamimba. Kenaka tambasulani manja, ndowayo italikirane ndi thupi. Madzi ndi omwewo, koma simungathe kupirira ngakhale mphindi imodzi. Katundu wa kumsana amachitanso chimodzimodzi. Akatalikirana ndi msana amakokera munthu chagada, ndipo kuti asagwe munthuyo amawerama, natukula mutu kutsogolo ngati kamba. Minofu ya m'khosi ndi ya m'chiuno imagwira ntchito yosapuma ulendo wonse, ndipo madzulo ndi imene imawawa.

Zimenezi amayi athu anazidziwa kale popanda wowaphunzitsa za mafupa. Taonani mayi akamabereka mwana. Amayamba wawerama, namuika mwanayo pamsana, nakoka nsalu kuti ithine. Mbali ya m'munsi ya nsaluyo amaipinda pansi pa matako a mwana kotero kuti mwana amakhala pamwamba pa chiuno cha amake, atamatirira pamsana osasiya mpata. Nsaluyo ndi yotambalala, siicheka thupi pa malo amodzi. Mbereko ikakhwepa mwana nkuyamba kulendewera, mayi sapitiriza ulendo, amaima nkumanganso. Mayi yemweyo amayenda makilomita 10 kupita ku sikelo ndi mwana wa makilogalamu 10 osadandaula, pamene mwamuna wake wabereka sipuleya ya zingwe zonga za nsapato ndipo pofika masana walema.

Lamba amene ambiri amamudula

Zikwama zazikulu zokwerera mapiri zili ndi lamba wonenepa m'munsi mwake, wokhala ndi thonje kapena siponji m'mbali zonse ziwiri. Kuno ambiri sadziwa ntchito yake. Ena amamumangirira kumbuyo kwa chikwama kuti asawasokoneze, ndipo ena amapita naye kwa atelala kuti amudule. Ine ndikaona chikwama chodulidwa lamba ndimamva chisoni ngati ndaona ngolo yochotsedwa mateyala, pakuti lamba ameneyu ndiye chinthu chofunika koposa pa chikwama chonsecho. Kale zikwama za ku Ulaya ndi ku America nazonso zinali matumba olendewera m'mapewa. M'chaka cha 1952 munthu wina wa ku California dzina lake Dick Kelty anayamba kupanga zikwama zokhala ndi mafelemu a chitsulo chopepuka ndi lamba wa m'chiuno, ndipo m'chaka cha 1967 Greg Lowe anapanga chikwama chimene zitsulo zake zimabisika m'kati mwa nsalu. Zambiri zimene timaziona pa kaunjika ndi za mtundu wachiwiriwu. Mukagwira kumbuyo kwake mumamva tizitsulo tiwiri kapena chipulasitiki cholimba. Musazichotse. Ntchito yake ndi kutsitsira kulemera kwa katundu pa lamba uja, monga mmene mzati umatsitsira kulemera kwa denga la chigafa pansi.

Koma lamba sangathandize ngati chikwama sichikulingana ndi msana wa mwini wake. Pogula anthu amayang'ana kukula kwa thumba ndi kukongola kwa nsalu, pamene choyenera kuyang'ana ndi kutalika kwa kumbuyo kwake. Weramitsani mutu ndi kugwira kumbuyo kwa khosi. Mupeza fupa limodzi lotuluka kuposa anzake. Kenaka gwirani m'chiuno ndi manja awiri, zala zazikulu ziloze kumsana, pamwamba pa mafupa a m'mbali aja. Mnzanu ayeze ndi chingwe kuchokera pa fupa la m'khosi lija kufika pakati pa zala zanu zazikuluzo. Kwa akuluakulu ambiri mtunda umenewu umakhala pakati pa masentimita 40 ndi 55. Pitani nacho chingwecho ku msika, ndipo muchiyerekeze ndi kumbuyo kwa chikwama, kuchokera pakati pa lamba wa m'chiuno kufika chakumtunda pang'ono kwa pamene pasokeredwa malamba a m'mapewa. Kutalika kwa munthu sikunena zoona pa nkhaniyi, popeza pali anthu aatali miyendo koma aafupi msana. Chikwama chikatalika kwambiri, malamba a m'mapewa amayandama m'mwamba ndipo katundu amagwedezeka. Chikafupika, lamba amakwera pamimba, kupuma kumavuta, ndipo kulemera konse kumabwerera m'mapewa. Zikwama zina zili ndi timakwerero tansalu kumbuyo tosunthira malamba m'mwamba kapena m'munsi, ndipo zoterezi ndi zabwino pa banja limene anthu angapo amabwerekana chikwama chimodzi.

Musachite manyazi kuchiyesa pa msika pomwepo. Pemphani wogulitsa aikemo zinthu zolemera, muchibereke, muyende nacho pang'ono. Chikwama chopanda kanthu chimakoma pa msana wa aliyense.

Kavalidwe kake kali ndi ndondomeko. Yambani mwamasula malamba onse. Musachikoke kuchokera pansi ndi dzanja limodzi uku mukudzipotokola, pakuti anthu ambiri amavulala msana pa nthawi yonyamula imeneyi osati pa ulendo. Chiikeni pa chitsa, pa khonde kapena pa bondo lanu, ndipo mulowetse mikono. Weramani pang'ono, ndipo muyambe ndi lamba wa m'chiuno. Thonje lake likhale pamwamba pa mafupa a m'mbali, osati pamimba ndipo osati m'matako, ndipo mumange zolimba ndithu. Mukatero kokani malamba a m'mapewa mpaka chikwama chikhudze msana, koma musapitirire. Ngati pali timalamba tiwiri tochokera pamwamba pa mapewa kupita ku mutu wa chikwama, tikokeni pang'ono kuti mutuwo usagwere kumbuyo. Kalamba ka pachifuwa ndi kotsiriza, ndipo ntchito yake ndi kuletsa malamba kutsetserekera m'mikono, kotero sikafunika kuthina. Mukamaliza yesani kulowetsa zala ziwiri pansi pa lamba wa paphewa. Zikalowa mosavuta ndiye kuti chiuno chasenza. Zikakanika, masulani muyambenso.

Polongedza, zopepuka monga bulangete zikhale pansi. Zolemera monga ufa, shuga, sopo, mabuku kapena botolo la mafuta zikhale pakati, zitagunda mbali ya kumsana. Zovala zizingire kunja kwake kuti zolemerazo zisasunthe. Anthu ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Amaika zolemera pansi penipeni, kenaka amamangirira poto, nsapato ndi chigubu cha madzi kunja, zonse zikulendewera ndi kugwedezeka. Onaninso kuti mbali imodzi isalemere kuposa inzake, ndipo chizolowezi cha achinyamata chokoleka chikwama pa phewa limodzi chisiyidwe.

Kulemera koyenera

Anthu okwera mapiri ali ndi lamulo lawo lakuti pa ulendo wautali katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa munthu. Munthu wa makilogalamu 60 anyamule makilogalamu 12, ndipo wa makilogalamu 50 anyamule 10. Ngati simudziwa kulemera kwanu, pemphani a zaumoyo akuyezeni pamene mwabwera ku chipatala. Pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania pali lamulo lakuti wonyamula katundu wa alendo asasenzetsedwe makilogalamu oposa 20 a katundu wa alendowo, ndipo katunduyo amayezedwa pa chipata ulendo usanayambe. Kwathu kuno anyamata a ku Likhubula amagwira ntchito yonga yomweyo pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002.

Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linalangiza m'chaka cha 1967 kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndi kuti amayi ndi achinyamata anyamule wocheperapo kwambiri. Chiwerengero chimenechi chinali malire otsiriza, osati katundu woyenda naye mtunda. Akatswiri a boma la America m'chaka cha 1991 anaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu wotukula ndi manja, ndiponso pokhapokha pamene zonse zili bwino, katundu ali pafupi ndi thupi ndipo munthu sakudzipotokola. Tsono yerekezani ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50, kapena belo la fodya limene limafika makilogalamu 100. Zimenezi si za munthu mmodzi ayi. Ndi za anthu awiri kapena atatu, za wilibala, za njinga kapena za ngolo.

Akuluakulu ena amati makolo athu ankanyamula zoposa pamenepa osadandaula. Kunyamula ankanyamuladi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukagwira ntchito ya mtengatenga, kusenzera asilikali zakudya ndi zipolopolo, munthu aliyense katundu wa pakati pa makilogalamu 20 ndi 30, tsiku ndi tsiku. Koma ambiri anafera m'njira chifukwa cha njala, matenda ndi kutopa, ndipo dzina la mtengatenga linatsala m'midzi ngati dzina la mazunzo.

Sipuleya

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, popeza katundu wa kumsana amene alimi a kuno amabereka kawirikawiri ndi ameneyu. Amayamba naye ku nazale mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, napita naye ku munda kukalimbana ndi nsabwe ndi mbozi, ndipo ena amapopera nayenso mankhwala opha udzu. Kuyambira m'chaka cha 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zinasakaza chimanga m'maboma ambiri mpaka boma linalengeza kuti kwagwa tsoka, ngakhale mabanja osalima fodya anayamba kugula kapena kubwereka sipuleya.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Sipuleya ya malita 16 ikadzaza, kuphatikiza kulemera kwa chigubu ndi pampu, imafika makilogalamu 20 kapena kupitirira. Ya malita 20 imayandikira makilogalamu 25. Kwa mlimi wa makilogalamu 55 uku ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo 3 a thupi lake. Ndipo sipuleya ndi yoipa kuposa chikwama pa zifukwa zingapo. Kumbuyo kwake ndi kolimba. Madzi amakhapira uku ndi uku munthu akamadumpha mizere. Dzanja limodzi limapopa kosalekeza, kotero phewa la mbali imeneyo limagwira ntchito uku litapanikizidwa. Choipa koposa ndi chakuti masipuleya ambiri otsika mtengo amabwera ndi timalamba topyapyala, opanda lamba wa m'chiuno, ndipo timalambato tikaduka anthu amamangapo chingwe cha nayiloni, luzi kapena mphira wa njinga.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Malamba a m'mapewa akhale otambalala ngati zala zinayi. Telala wa pa msika angathe kusoka malamba otere ndi nsalu ya jinzi yakutha. Ngati muikamo siponji kapena sanza, muzikute ndi pulasitiki yolimba kapena lekezini, chifukwa siponji yosakuta imamwa mankhwala nkumawasunga pa khungu lanu tsiku lililonse. Onjezani lamba wa m'chiuno. Lamba wochotsedwa pa chikwama chakutha amagwira bwino ntchitoyi, ndipo ngakhale lamba wotambalala wa chikopa womangidwa m'munsi mwa chigubu amathandiza, popeza amaletsa kugwedezeka ndi kuchotsako kulemera kwina m'mapewa. Fupikitsani malamba kuti chigubu chikwere, tsinde lake likhale pa chiuno osati kumamenya m'matako.

Chachiwiri, palibe lamulo lakuti sipuleya idzaze. Thiranimo malita 8 kapena 10, makamaka ngati wopoperayo ndi wochepa thupi kapena munda uli pa mtsetse. Koma samalani muyeso: mukachepetsa madzi ndi theka, mankhwalanso achepe ndi theka, monga mwa malangizo a pa botolo ndi a alangizi a zaulimi. Bweretsani madzi pafupi ndi munda pa ngolo kapena pa njinga kuti musayende mtunda mutabereka. Pobereka, ikani sipuleya pa mgolo, pa chulu kapena pa ngolo kuti ifanane ndi msana wanu. Masipuleya ambiri amalola kusamutsa chogwirira cha pampu kuchoka kumanja kupita kumanzere, ndipo ndi bwino kusinthasintha.

Tsopano za poizoni. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amalowa m'thupi kudzera pa khungu ngakhale munthu asanawamwe kapena kuwapuma. Khungu lotentha, la thukuta, ndiponso losupuka ndi malamba, limawalowetsa msanga koposa. Tsono taganizani za sipuleya imene chivindikiro chake chatha mphira, yodzazidwa mpaka pakamwa, yogwedezeka pa msana wa munthu wovala malaya a nsalu. Nthawi iliyonse akawerama madzi amatayikira m'khosi natsika ndi msana. Malaya amanyowa, ndipo iye amaganiza kuti ndi thukuta. Amakhala nawo malayawo mpaka madzulo, mwina nkugona nawo. Sipuleya yosakhala bwino pa msana ingathe kumufikitsa munthu ku chipatala ali chikomokere.

Musanathire mankhwala yesani sipuleya ndi madzi okha, muipendeketse, muone ngati ikudontha pa chivindikiro, pa paipi kapena pa chogwirira. Ikadontha ikonzedwe kaye. Pukutani kunja kwake musanabereke. Valani malaya a manja aatali, buluku, nsapato za jombo ndi magolovesi a mphira, ndipo pakati pa malaya ndi chigubu pakhale pulasitiki. Thumba la pulasitiki lalikulu, loyera, loboola pakati polowetsa mutu limakwanira. Poperani m'mawa kapena madzulo kukazizira, mphepo ikuchokera kumbuyo kapena m'mbali mwanu. Kabowo kotulukira mankhwala kakatsekeka musakapemerere ndi pakamwa. Mankhwala akakutayikirani lekani ntchito nthawi yomweyo, vulani, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha, kutali ndi chitsime. Gulani mankhwala okhala m'botolo lake lenileni lolembedwa, kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la chaka cha 2000, osati othiridwa m'timabotolo ta zakumwa pa msika.

Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kutuluka malovu ndi thukuta lambiri, kuona zinthu mwachimbuuzi, kunjenjemera kwa minofu kapena kubanika pamene akupopera kapena atangomaliza, ameneyo walowedwa poizoni. Muvuleni, musambitseni, ndipo muthamange naye ku chipatala mutatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chomupatsa. Musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa.

Fodya wamuwisi nayenso ali ndi vuto lofanana. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula amatulutsa chikonga chimene chimalowa pa khungu, ndipo amene amanyamula mitolo ya masamba otere pa phewa kapena kumsana popanda chotchinga amatha kumva chizungulire ndi kusanza. Pulasitiki yomwe ija imathandizanso pamenepa.

Nanga kusenza pamutu?

Wina angafunse kuti bwanji osangosenza pamutu monga tinazolowera. Kusenza kuli ndi ubwino wake, popeza katundu amakhala pakati penipeni pa thupi ndipo munthu amayenda chowongoka. M'chaka cha 1986 akatswiri ena anayeza amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu ku Kenya napeza kuti amatha kunyamula ndi mutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo 5 a thupi lawo popanda kuwononga mphamvu zoonjezera. Koma kafukufuku wina amene anachitika pambuyo pake pakati pa amayi a Chixhosa ku South Africa sanapeze phindu limeneli mwa ambiri, ndipo amayiwo anadandaula za kuwawa kwa khosi. Kulemera konse kwa pamutu kumadutsa m'timafupa 7 ta m'khosi, timene ndi tating'ono kuposa ena onse a msana. M'chaka cha 1968 dokotala wa opaleshoni ya ubongo ndi msana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, dzina lake Laurence Levy, analemba za amuna onyamula matumba a makilogalamu pafupifupi 90 pamutu amene anathyoka khosi, ena nkufa ziwalo, ena kumwalira. Ngozi yotere imachitika munthu akaterereka, kapena pamene anzake akumutwika kapena kumutula mosasamala. Ndowa ya malita 20 ndi yokwanira kwa munthu wamkulu. Thumba la feteleza lisakwere pamutu, makamaka m'njira zoterera za dzinja.

Ana ndi amayi oyembekezera

Mafupa a mwana amakhala akukulabe mpaka zaka za m'ma 18 kapena kupitirira. Madokotala a ana amalangiza kuti chikwama cha mwana wa sukulu chisapitirire magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Mwana wa makilogalamu 30 anyamule makilogalamu 3 kapena 4. Chigubu cha malita 20 ndi magawo awiri mwa atatu a thupi la mwana wotere, komabe timawaona ana a msinkhu umenewu akuchokera nacho ku mjigo, khosi litalowa m'mapewa. Apatseni cha malita 5. Za sipuleya ndiye palibe kukambirana. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo m'chaka cha 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18, m'mene muli kugwira mankhwala ophera tizilombo ndi kunyamula katundu wolemera. Eni minda ndi makolo omwe ayenera kudziwa zimenezi.

Mayi woyembekezera mfundo za m'chiuno mwake zimafewa pokonzekera kubereka, ndipo zimatenga nthawi kuti zilimbenso atachira. Mayi wotere asapopere mankhwala, ngakhalenso woyamwitsa, ndipo asamange lamba wothina pamimba. Kubwerera msanga ku mitolo ya nkhuni ndi ndowa zazikulu mwana atangobadwa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimachititsa kuti chiberekero chitsike m'tsogolo. Abambo, milungu 6 yoyamba ija madzi ndi nkhuni ndi zanu.

Pofunika kubwera ku chipatala

Kuwawa kwa msana kochokera ku ntchito kawirikawiri kumachepa pakokha pa masiku ochepa kapena milungu ingapo. Sikufuna jakisoni. Kugona pa mphasa sabata yathunthu kumaumitsa msana, ndipo ndi bwino kumayendayenda ndi kugwira ntchito zopepuka, kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda, ndi kumwa mankhwala opha ululu monga mwauzidwira. Musamwe mapiritsi ogula pa golosale mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi kwa milungu yambiri, popeza ena mwa iwo amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Kutema mphini pa msana sikufika pamene pali vuto, ndipo lumo lobwerekana limafalitsa matenda.

Koma bwerani msanga ngati dzanzi la m'manja silikutha mutatula katundu ndi kupumula usiku wonse, kapena mkono wayamba kufooka. Bwerani ngati ululu ukutsikira m'mwendo ndipo phazi likukokeka poyenda. Ngati mwaona chotupa m'mphechepeche chimene chimatuluka mukanyamula kanthu kapena mukatsokomola, amenewo angakhale matumbo, ndipo chikadzauma, nkumapweteka, osabwereranso m'kati, ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Munthu amene wachita dzanzi kumaliseche ndi m'matako, kapena akulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka osadziwa, apite naye ku chipatala chachikulu cha boma pa Kasungu tsiku lomwelo ngakhale usiku. Ndipo msana umene ukuwawa kwa miyezi, wopweteka kwambiri usiku, munthu akuwonda, akutuluka thukuta pogona, mwina pamsana patayamba kutuluka kanundu, usanamiziridwe sipuleya kapena chikwama. Chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Mankhwala ake alipo m'zipatala za boma, ndi aulere, ndipo amagwira bwino ntchito munthu akawayamba miyendo isanafooke.